A Vernon ndi Tepi Yoyezera Manja

Kwathu kuno ku Ohio, mwezi wa Epulo palibe timu imasewera mpira, komatu ndiwo mwezi womwe timakanganira mpira kuposa miyezi ina yonse. Ndikunena mpira wathu uja wosongoka uku ndi uku, wothamanga nawo m'manja. Epulo ndi nyengo yomwe matimu akuluakulu amasankha anyamata ochokera m'makoleji, ndipo lamulo lake ndi lachifundo: timu yomwe yagonja kwambiri ndiyo imayamba kusankha. Chaka chimenecho timu yathu inapambana kawiri kokha pa masewero khumi ndi asanu ndi awiri, ndiye tinali oyamba pamzere, tikuyenda modzitukumula ngati kuti tachita zanzeru. Chomwe tinkasowa ngakhale ana a sukulu ankachidziwa: kotabaki, woponya mpira, uja timu yonse imadalira mutu wake ndi mkono wake. Anyamata otchuka analipo awiri, Halvorsen ndi Rusk, ndipo m'tauni yathu munalibe munthu woima pakati.

A Vernon Hladik anali kumbali ya Halvorsen, ndipo chifukwa chawo ankayenda nacho m'thumba la jekete. Inali tepi yachitsulo yoyezera, yakalekale, utoto wake utasupuka ndi zala. Mkuluyu anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi, wamfupi, wa imvi zometedwa mpaka kumunsi. Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu pa fakitale ya mabawuti ya kutsidya kwa mlatho, ndipo ntchito yawo inali kuyeza basi. Bawuti ikaperewera ngakhale pang'ono bwanji, ankaiponya m'ndowa ya zotaya osaimvera chisoni. Lachisanu lililonse nyengo ya mpira ankagwira tcheni pa bwalo la sekondale, tcheni ija amalowa nayo m'bwalo kukaona ngati mpira wafika pomwe umayenera kufika. Moyo wawo wonse a Vernon anakhala akuuza anthu kuti zaperewera, ndipo chowawa n'chakuti nthawi zambiri ankanena zoona.

Chiphunzitso chawo pa nkhani ya oponya mpira chinali chimodzi. Tambasula dzanja, yeza kuchokera kunsonga ya chala chachikulu kukafika kunsonga ya chaching'ono. Likapanda kukwana mainchesi naini, munthuyo sangasunge mpira m'chisanu cha kwathu kuno, ngakhale atakhala wanzeru chotani. Halvorsen dzanja lake linali mainchesi teni. La Rusk linali eyiti ndi hafu. Kwa a Vernon mlandu unathera pomwepo.

M'mawa uliwonse ankakhala pa tebulo la pawindo m'lesitilanti ya mayi Lorraine, mazira awiri ndi soseji pambale, moyang'anizana ndi a Otis Tolliver. A Otis anapuma pa ntchito yoyendetsa basi, ndipo anali mnzawo kuyambira ali anyamata, pomwe ankasewera m'timu imodzi ya sekondale. Zaka zonsezi awiriwa sanagwirizanepo pa chilichonse kupatula tebulolo.

"Rusk ali ndi mutu, Vern," ankatero a Otis, akuthira shuga wachitatu m'khofi yemwe adokotala anawaletsa. "Mwana uja amaona bwalo lonse asanagwire n'komwe mpira. Halvorsen wakoyo ndi chimtengo chabe. Mkono ulipo, eya, koma amaponyera anyamata oimba malipenga kunja kwa bwalo."

"Eyiti ndi hafu," a Vernon ankayankha.

"Unamuonapo akusewera?"

"Ndimuonerenji? Eyiti ndi hafu. M'bweretse kuno Disembala, chipale chikugwa, mpira ukuterera ngati sopo, udzandiuza."

"Iwe ndiwe nkhutukumve. Ukadzafa tidzakuika ndi tepiyo, ukayeze angelo."

"A Vern," mayi Lorraine ankalowerera atanyamula ketulo, "mukandiyezanso makasitomala lero ndikulandani chitsulocho. Dzulo mwandithawitsira bambo wa makalata asanamalize chakudya."

Ikakwana hafu pasiti eyiti, a Vernon ankatulutsa foni n'kuimbira pulogalamu ya zampira ya pa wailesi ya m'dera lathu. Woulutsa wake, mnyamata wolongolola dzina lake Deke, anawapatsa dzina loti a Tepi, ndipo ankawasungira mphindi zawo tsiku ndi tsiku chifukwa ankadziwa kuti akangolankhula, mafoni alira mpaka teni koloko. Oyendetsa malole, amakaniko, azimayi a ku chipatala, onse ankadziwa mawu aja: dzanja laling'ono ndi la m'ndowa ya zotaya.

Anthu ankaseka. Koma ife akale m'tauni muno tinkadziwa kuti pali dzanja limodzi lomwe tepi ija inayeza lomwe silinali loseketsa. Linali la Curtis, mwana mmodzi yekhayo wa a Vernon, ndipo kuyeza kumeneko kunawatayitsa mwanayo.

Zinachitika mu 1998. Curtis anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, woonda, wosalankhulalankhula, koma akaponya mpira anthu ankasiya zokamba zawo. Kochi wa pa sekondale ankafuna kumuika kukhala woponya woyamba chaka chimenecho. Lamlungu lina atabwera kutchalitchi, ali pa tebulo la kukhitchini, a Vernon anati, "Tatambasula dzanja, iwe." Mwanayo anatambasula akuseka, poyesa ndi masewera. Eyiti ndi hafu. A Vernon anapinda tepi, n'kupitiriza kudya. Lolemba anapita kwa kochi mwamseri. Kochiyo anali mlendo wochokera kumadera otentha, chisanu chathu asanachilawe, ndipo mkulu wogwira tcheni zaka zonsezo akamuuza chinthu ankamvera. Curtis anamuchotsa pa malo oponya n'kumuika kumbuyo, m'gulu la othamangitsa anzawo. Palibe anamuuza chifukwa. Anachimva yekha patapita miyezi, ali pa mpando wa ometa tsitsi, kuchokera kwa munthu yemwe ankayesa kuti mnyamatayo akudziwa kale.

Sanakalipe. Anabweza chipewa cha timu, n'kumaliza sukulu, n'kuchoka pakhomo. Anaphunzira kukonza makina otenthetsa ndi oziziritsa m'nyumba, ndipo anakakhala m'tauni ina ya mtunda wa mphindi makumi anayi pagalimoto. Ankabwera kudzawaona amayi ake, a Dolores, nthawi yomwe akudziwa kuti bambo ake ali kwa mayi Lorraine. Pa Khirisimasi ankati, "Muli bwanji, Adadi," iwo n'kuti, "Ndili bwino, galimoto ikuyenda bwanji," nkhani n'kuthera pomwepo. Zinakhala choncho zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Musawaweruze msanga a Vernon, chifukwa nawonso ali ndi tsiku lawo. Mu Novembala 1968 woponya wa sekondale yathu anali iwowo, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Tinkasewera ndi tauni ya kutsidya kwa mtsinje, adani athu a kalekale, chipale chikugwa. Kutatsala mphindi imodzi, pamene panangotsala phazi limodzi kuti tigoletse, mpira unapulumuka m'manja mwa Vernon n'kugwera m'matope, adani n'kuugwera. Tauni ngati yathuyi siiwala. M'chipinda chovalira, mnyamatayo akulira, kochi wokalamba wa nthawi imeneyo, a Pruitt, anatenga dzanja lake n'kuliika pa lawo. "Si iwe, mwana wanga," anatero. "Ndi dzanja. Mulungu anakupatsa laling'ono." Vernon anawagwira mawuwo ndi mtima wake wonse, chifukwa ndi okhawo anamulola kutuluka m'chipinda muja. Kuchokera tsiku limenelo sanagwirenso mpira. Ndiye pamene ankayeza dzanja la Curtis, mumtima mwawo ankati akumupulumutsa mwanayo ku manyazi omwe iwo anawasenza.

Ankamusowa mwana wawo, ndipo zinkaonekera pa chinthu chimodzi. Chaka chilichonse masiku atatu a chisankho cha osewera chija, kuyambira Lachinayi mpaka Loweruka, ankatulutsa galimoto m'galaja, n'kuikamo kanema wakale ndi mipando itatu. Umodzi wawo, wina wa a Otis, wachitatu sankanena kuti ndi wa yani. A Dolores ankaphika mapirogi, timitanda ta ufa tokutira mbatata ndi anyezi, okwanira anthu anayi. Mpando wachitatu uja a Otis ankaikapo jekete, kuti usamaoneke kwambiri.

Lolemba la sabata ya chisankho, a Vernon atabwera kwa mayi Lorraine, anapeza akazi awo atakhala pa tebulo la kukhitchini manja ali pachifuwa.

"Curtis akusamuka," a Dolores anatero. "Wapeza ntchito ku Texas. Anyamuka Lolemba likubwerali."

A Vernon anakoleka jekete pa chitseko pang'onopang'ono. "Kumatentha kumene kuja. Makina oziziritsa sasowa ntchito."

"Ndi zokhazo mungalankhule?"

"Nanga ndinene chiyani, Dolores? Ndi munthu wamkulu."

"Mukudziwa kuti amakumvani m'mawa uliwonse? Wailesi ya m'galimoto mwake siichoka pa pulogalamu yanu ija."

"Ndiye kuti amamvera pulogalamu yabwino."

"Vernon, inu. Mwana amapita kuntchito akumva bambo ake akuuza dera lonse kuti munthu wa dzanja ngati lake ndi wa m'ndowa ya zotaya. Tsiku ndi tsiku. Inu mumayesa mukunena za Rusk. Iye amamva dzina lake."

A Vernon anakhala pansi. Zimenezi sanaziganizirepo, ndipo ndikukhulupirira kuti sanaziganizirepodi, chifukwa anthu oyeza amayang'ana pa tepi, sayang'ana nkhope. A Dolores anadzuka, n'kutsegula kabati, n'kutulutsa bokosi la nsapato. Munali makaseti a vidiyo. Mu 1997, Curtis akuponya m'timu ya achichepere, mayiyu ankabwereka kamera kwa mchemwali wake n'kumajambula masewero onse. Masewero a achichepere ankachitika Loweruka m'mawa, nthawi yomwe a Vernon ankakhala ku fakitale.

"Munamuyeza," a Dolores anatero, akukankhira bokosilo patsogolo pawo. "Koma kumuonera simunamuonerepo. Ngati akwera galimoto Lolemba muli chonchi, dziwani kuti wapita basi. Ine ndizipita kukamuona. Inu muzikhala ndi tepi yanu."

Masana a tsiku limenelo ndi Lachiwiri lonse a Vernon anakhala m'galaja. Makina oonetsera makaseti analipo, chifukwa munthu ameneyu sataya chinthu chomwe chikugwirabe ntchito. Zithunzi zinali zogwedezeka, a Dolores akumveka kukuwa kumbuyo kwa kamera. Masewero analipo asanu ndi anayi. A Vernon sanayang'ane zigoli, sanayang'ane anyamata ena. Anayang'ana dzanja lokha, akudikira kuti mpira ugwe. Masewero atatu anali a mvula. Ena a kumapeto anali a chipale, bwalo lonse lili matope okhaokha, ana akuterereka paliponse. Anaona mwana wawo akugwetsedwa pansi ndi anyamata awiri, n'kudzuka mpira uli pachifuwa. Anabweza kaseti, n'kuonanso. Mpira sunagwe ngakhale kamodzi.

Lachitatu anafika kwa mayi Lorraine mochedwa, ndipo mazira anazizira pambale. A Otis anayamba za Rusk monga mwa masiku onse, koma ataona kuti mnzawo sakubweza, analeka.

"Wadwala?"

"Otis, unalipo tsiku lija. Mu sikisite eyiti."

A Otis anaika supuni pansi. Zaka zoposa makumi asanu anakhala pa tebulo limodzi, akutukwanana pa chilichonse, koma tsiku limenelo palibe analitchulapo.

"Ndinalipo. Ndinaima pambali pako."

"Linali dzanja?"

"Ukufuna ndikuuze zoona, kapena za a Pruitt?"

"Zoona."

"Silinali dzanja, Vern. Chimnyamata chija cha nambala seventefayifi chinaboola mzere wa okutchinjiriza, iwe n'kuchiyang'ana mpira usanaugwire bwino. Unachita mantha. Aliyense akanachita mantha, chinali ngati firiji chinthu chija. Unali mwana. A Pruitt anakuuza za dzanja chifukwa unkalira, ndipo sankadziwa chokuuza. Ine ndinkayesa pakatha sabata uiwala. Iwe n'kukagula tepi."

"Bwanji sunandiuze?"

"Unandifunsapo?"

Tsiku limenelo a Vernon sanaimbe. Hafu pasiti eyiti inadutsa, foni ili m'thumba. Pa wailesi ya pamwamba pa kauntala Deke anafunsa kawiri ngati pali wina waona a Tepi, kapena ngati tepi yawo yawameza. Mayi Lorraine anabwera n'kuwathirira khofi wina osafunsa.

Chinthu chovuta chinali ichi. Ngati dzanja lilibe mlandu, ndiye kuti mu 1968 wolakwa anali iwo, ndipo mu 1998 wolakwa analinso iwo. Tepi ija inawabisa kawiri. Kuitaya kunali kuvomera zonse ziwiri pamodzi, ndipo munthu wa zaka zawo savomera msanga. Atafika kunyumba anaimba foni ya Curtis kawiri, koma sinayankhidwe. Sanadabwe. Nambala yawo mwanayo anasiya kuiyankha kalekale. Malo amodzi okha omwe ankadziwa kuti Curtis amawamva anali pa wailesi.

Lachinayi, tsiku loyamba la chisankho, lesitilanti inadzaza ndi anthu ovala malaya a timu, ena a mayina a oponya akale omwe tinawakweza n'kuwatsitsa tokha. Hafu pasiti eyiti a Vernon anatuluka panja, n'kuima pambali pa galimoto yawo, n'kuimba. M'kati mayi Lorraine anakweza wailesi.

"Eee, a Tepi auka kwa akufa!" anafuula Deke. "Lero ndi lero, madala. Tiuzeni, mainchesi angati?"

"Asankhe Rusk," a Vernon anatero.

M'lesitilanti wina anagwetsa foloko.

"A Vern, mwathiramo chiyani m'khofi wanu?"

"Ndilole ndimalize, mwana iwe, chifukwa ndikaima sindiyambanso. Rusk ine sindikumudziwa. Ndinangoona nambala, kusewera kwake sindinakuonepo. Koma kale ndinayeza mnyamata wina wa konkuno. Eyiti ndi hafu. Ndinapita kwa kochi wake kuseri, n'kumuchotsetsa. Sabata ino ndaonera masewero ake naini. Mvula, matope, chipale, sanagwetse ngakhale kamodzi. Wogwetsa mpira m'nyumba mwathu ndine, ndipo akale akukumbukira tsiku lake. Silinali dzanja. Ndinachita mantha basi." Anapuma, mpweya ukumveka pa foni. "Mnyamatayo ndi mwana wanga. Ndinamulakwira. Zangokhala zomwezo."

Deke, munthu yemwe salola mphindi kudutsa osalankhula, anangoti, "Tipume kaye," n'kuika malonda a matayala. A Vernon atalowanso palibe anawayang'ana m'maso, ndipo kwathu kuno umenewo ndiwo ulemu. A Otis okha anakankhira shuga kumbali yawo n'kuti, "Zaka zonsezi, lero wagwirizana nane, ndipo sizikundikomera n'komwe."

Madzulo ake, eyiti koloko, timu yathu inasankha Halvorsen. Akuluakulu a timu samvera wailesi ya m'dera lathu, ndipo mwina amachita bwino. A Otis anatukwana kanema, n'kudya mapirogi a anthu awiri. A Vernon maso awo anali kumsewu. Galimoto iliyonse yodutsa ankatukula mutu. Mpando wachitatu unakhala ndi jekete mpaka anazimitsa kanema. Lachisanu Rusk anatengedwa ndi timu ina, ndipo mpando uja unali chimodzimodzi. A Dolores anaphikabe za anthu anayi.

Loweruka ndi tsiku la omwe mpira unawalowa m'magazi, chifukwa amasankha masana, ndipo mayina ake ndi a anyamata omwe palibe anawamvapo. A Otis anali akusinza pa mpando. Cha m'ma thu koloko, galimoto yoyera yokhala ndi makwerero padenga inaima pamsewu. Anatsikamo bambo wa zaka makumi anayi ndi zitatu, wa ndevu zoyamba kuchita imvi, n'kuyenda mpaka pakhomo la galaja. Sanalowe. Anaima pomwe simenti imayambira, manja ali m'matumba.

"Mwalakwitsanso, Adadi," Curtis anatero.

A Vernon anadzuka, mawondo akulira. "Pati?"

"Rusk amasunga mpira nthawi yaitali. Akanabwera kuno ndi mzere wathu wa otchinjiriza wobowokawu, akanam'thyola nthiti mwezi usanathe. Halvorsen ndiye woyenera. Asankha bwino."

"Unawaonera?"

"Masewero onse, a onse awiri. Inu kale munkamukana munthu chifukwa dzanja ndi laling'ono. Lero mukumufuna chifukwa dzanja ndi laling'ono. Kumuonera simunamuonerebe."

A Otis, omwe ankaoneka ngati agona, anaseka mpaka kutsokomola. "Wakugwira, Vern. Koma za Halvorsen ukunama, mwana iwe, uja ndi chimtengo."

"Mudzaona Disembala, ankolo."

Pa kanema ankawerenga dzina la mnyamata wina wa ku koleji yakutali, amayi ake akulira pa sofa. Curtis anayang'ana makaseti ataunjikidwa pambali pa makina, n'kuyang'ana jekete pa mpando.

"Anzanga onse a kuntchito anamva," anatero, mawu atatsika. "Ndinaima pamphepete pa msewu mphindi makumi awiri, kasitomala akundidikira. Zimene zija mukananena pa tebulo la kukhitchini, osati pa wailesi."

"Pa tebulo sukhalapo ine ndikakhalapo."

"N'zoona." Curtis anakanda ndevu. "Mukananena mu nayinte eyiti."

"Ndikananena."

"Lolemba ndikupitabe. Ntchito ndasaina kale."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Sindinanene kuti usapite. Ndinangofuna upite ukudziwa."

Curtis anagwedeza mutu, n'kutembenuka, n'kubwerera ku galimoto. A Vernon anayesa kuti zathera pomwepo. A Dolores anali ataima pawindo la kukhitchini, nsalu yopukutira mbale ili m'manja. Koma Curtis sanatsegule chitseko cha woyendetsa. Anatsegula cha kumbuyo, n'kupisa dzanja kuseri kwa mabokosi a zitsulo, n'kutulutsa mpira wakale, chikopa chake chitada ndi kugwiridwa. Zaka zonsezi ankayenda nawo, n'kumaponyerana ndi anzake a kuntchito nthawi ya nkhomaliro.

"Taimani pomwepo," anatero. Anawoloka msewu, n'kukaima pa kapinga wa aneba, patali ndithu.

A Vernon anatuluka m'galaja n'kuima pa udzu. Curtis sanadzikonze n'komwe. Anangobweza phazi limodzi, mkono n'kudutsa pafupi ndi khutu, mpira n'kunyamuka. Unabwera ukuzungulira mosagwedezeka, molunjika, kudutsa pamwamba pa msewu ndi pa galimoto. A Vernon anauona ukubwera, ndipo pa kamphindi kameneko anaona ndi maso awo chomwe anachiponya m'ndowa ya zotaya. Chinawapweteka kuposa makaseti onse aja. Mpira unafika pachifuwa penipeni. Zala zawo zouma ndi nyamakazi zinaugwira mochedwa, ndipo unagwera pa udzu n'kugubuduka mpaka pa maluwa a a Dolores.

Anaima akuuyang'ana, manja ali m'malere, monga anaimira mnyamata uja m'matope mu 1968. A Otis anayang'ana kumbali.

"Tolani, Adadi," Curtis anakuwa kuchokera kutsidya. "Wangogwa basi. Tolani muponye."

Palibe anawauzapo mawu amenewo. Anawerama movutikira, tepi ikuwabaya m'nthiti m'thumba la jekete, ndiye anavula jeketeyo n'kuiponya pa udzu. Anatola mpira. Kanali koyamba kuugwira kuchokera tsiku lija, ndipo zala zinapeza zokha pa ulusi. Anaponya ndi mphamvu zawo zonse. Mpira unapita ukupepesuka, n'kugwera pakati pa msewu, osafika ngakhale theka la mtunda.

"Zaperewera," a Vernon anatero.

Curtis anatsika pa kapinga wa aneba, n'kutola mpira pamsewu. Sanabwerere pomwe anaima poyamba. Anawoloka, n'kudzaima pa udzu wa kwawo, mapazi khumi okha kuchokera pomwe panali bambo ake.

"Apa mufika," anatero. "Tiyeni kachiwiri."